Zithunzi za banja tizisunge pati? Za NAS, magetsi ozimazima ndi mphezi

"Bambo, ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Chilomoni. Chaka chatha foni yanga inabedwa mu minibasi pochokera ku Limbe, ndipo munali zithunzi zonse za mwana wanga womaliza kuyambira tsiku limene anabadwa. Zotsala zili balalabalala: zina mu laputopu ya bambo a kunyumba, zina m'ma flash, kanema wa ukwati wathu ali pa DVD, ndipo Google ikungondiuza kuti malo adzaza. Mlamu wanga amene ali ku Johannesburg akuti tigule chinthu chotchedwa NAS, atibweretsera pa Khirisimasi. Kodi n'chiyani kwenikweni, tigule chotani, ndipo ndi magetsi athuwa sitingangotaya ndalama?"

Pepani kwambiri, mayi, ndi za foniyo. Koma musataye mtima msanga, chifukwa m'kalata yanu muli mawu amene andipatsa chiyembekezo. Mwati Google ikukuuzani kuti malo adzaza. Akaunti iliyonse ya Google imakhala ndi 15 GB yaulere, ndipo malo amenewa amagawana Gmail, Google Drive ndi Google Photos. Makalata okha sadzaza msanga malo otere. Kawirikawiri chodzaza chimakhala zithunzi ndi makanema amene foni inkatumiza yokha inu osadziwa. Lowani pa photos.google.com pa laputopu ya bambo a kunyumba, ndi akaunti yomwe inali pa foni yobedwayo. Mwina simupeza zonse, poti malo akadzaza foni imaleka kutumiza, koma ndaonapo anthu akupeza zaka zathunthu za zithunzi zimene anali atazitaya kale mumtima. Funsaninso azakhali ndi agogo a mwanayo zimene munkawatumizira pa WhatsApp. Zimenezo zimakhala zofinyidwa, sizituluka bwino mukazitsukitsa zazikulu, komabe nkhope ya mwana ilipo. Ndipo musachedwe, chifukwa malamulo a Google amati akaunti ikakhala yopyola malire kapena yosagwiritsidwa ntchito kwa zaka 2, akhoza kufufuta zimene zili mmenemo.

Mlamu wanu sananame. NAS ndi kakompyuta kopanda sikirini, kopanda kiyibodi, koti mukhoza kukanyamula m'manja, ndipo ntchito yake ndi kusunga basi. Mkati mumalowa ma hard drive awiri kapena anayi, kumbuyo kumachoka waya wopita ku router ya pakhomo, kabokosi kaja kamene kamagawa Wi-Fi. Mukaika pulogalamu yake pa mafoni a m'nyumba, foni ikangolowa pa Wi-Fi imakhuthulira yokha zithunzi zatsopano m'kabokosimo. Mwajambula ana ku sukulu tsiku lotsekera, mwafika pakhomo, mwatereka poto, zithunzi zija zikusamuka kale. Anthu ambiri amadabwa ndikawauza kuti kusamukaku sikudya bandulo. Zinthu zikungochoka pa foni, kudzera pa router, n'kulowa mu NAS, osatuluka pakhomo. Koma yang'anani kaye router yanu. Ngati ndi ka MiFi kam'thumba, kaja kopanda polowetsa waya, NAS ilibe pogwira. Pafunika router yokhala ndi mabowo olowetsa waya, otchedwa LAN, kumbuyo.

Musanauze alamu kuti agule, werengani kaye zimene muli nazo. Chithunzi cha foni wamba chimakhala cha 3 mpaka 5 MB, ndiye ngakhale mutakhala ndi zithunzi 20,000 simupyola 100 GB. Odya malo ndi makanema: mphindi imodzi ya kanema wa 4K ikhoza kutenga 170 mpaka 400 MB malinga ndi foni. Ngati zonse pamodzi sizikufika 500 GB, ma external drive (ma hard drive olumikiza ku kompyuta ndi waya wa USB) awiri abwino akhoza kukusungirani popanda NAS, pa mtengo wochepa kwambiri. Vuto lake ndi munthu. External imafuna wina akumbukire kulumikiza, kukopera, kuchotsa. "Ndikopera Loweruka" ndi mawu amene ndimawamva kwa pafupifupi aliyense amene amabwera foni itatayika kale. Pakhomo pa mafoni anayi kapena asanu, ana akukula, aliyense akujambula zake, NAS imaposa chifukwa simadalira chikumbumtima cha munthu. Kwa banja ngati lanu ndinganene kuti inde, gulani, koma ndalama yonse isathere pa kabokosiko. Gawo lina likhale la magetsi ndi la external imodzi yosunga kunja kwa nyumba, ndipo ngati ndalama sikwanira zonse zitatu, kuli bwino kugula kabokosi kotsika mtengo kusiyana n'kusiya ziwiri zinazo.

Mtundu wake: kolowa ma drive awiri n'kokwanira. Mayina odziwika ndi Synology ndi QNAP, makampani a ku Taiwan, ndipo masiku ano kwabweranso UGREEN ndi ena. Kwa munthu amene si wa makompyuta ine ndimalozera Synology, osati chifukwa zipangizo zake n'zamphamvu kuposa ena, koma chifukwa pulogalamu yake ndi yosavuta, ndipo Synology Photos pa foni imafanana ndi Google Photos imene mwaizolowera. Kotsika mtengo ngati DS223j kali ndi RAM (malo amene makina amagwirirapo ntchito) ya 1 GB, kamasunga bwinobwino koma kamachedwa pokonza zithunzi masauzande koyamba. DS224+ ili ndi 2 GB yoti n'kuwonjezera ndipo imathamanga. Mitunduyi imasintha chaka ndi chaka, ndiye alamu aone pa webusaiti ya kampaniyo ma drive amene amagwirizana ndi mtundu umene akugula. Mu 2025 Synology inayesa kukakamiza kuti mitundu ina yatsopano izigwiritsa ntchito ma drive a dzina lake, kenako inafewetsa anthu atadandaula, choncho kufunsa musanalipire n'kofunika. Pali anyamata ena amene angakuuzeni kuti akupangirani NAS kuchokera ku kompyuta yakale ndi pulogalamu ya TrueNAS kapena OpenMediaVault. Zimatheka ndithu, ndipo n'zabwino kwa wokonda kusewera ndi makina, koma tsiku limene mnyamatayo adzasamukire ku Lilongwe mudzatsala ndi chinthu chimene palibe akuchimvetsa pakhomo.

Chimodzi muwauze alamu momveka bwino: NAS zambiri zimagulitsidwa zopanda kanthu mkati. Ma drive amagulidwa padera. Asadzafike pa Khirisimasi ndi bokosi lokongola lopanda chosungira. Agule ma drive opangidwira kuyaka usana ndi usiku, monga Seagate IronWolf, WD Red Plus kapena Toshiba N300. Liwu la Plus pa WD lisasowe. Mu 2020 kunadziwika kuti ma WD Red ena a 2 mpaka 6 TB anali a mtundu wa SMR, umene umavutika kwambiri NAS ikamadzikonzanso drive ina itafa, ndipo a Plus ndiwo a CMR, amene mukufuna. Awiri a 4 TB akukwanirani zaka zambiri. Ma drive amenewa awanyamule m'chikwama cha m'manja, asalowe m'katundu wa pansi pa basi kuti agwedezeke msewu wonse wa Tete mpaka pa Mwanza, ndipo asunge malisiti, a MRA adzawafuna pa chipata kapena ku Chileka, komanso waranti imayendera lisiti. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, 230 V, koma pulagi ya ku South Africa ndi ya mano obulungira pamene yathu ndi ya mano atatu afulati. Sinthani waya kapena pulagi yeniyeniyo, osadalira tima adapter togwedera tija, chifukwa kugwedera kumodzi n'chimodzimodzi kuzima kwa magetsi.

Mukaika ma drive awiri a 4 TB, musayembekezere 8 TB. Muwaike m'njira yotchedwa RAID 1, pamene chilichonse chimalembedwa pa onse awiri nthawi imodzi, ndipo malo anu amakhala a drive imodzi, amene pa sikirini adzaoneka ngati 3.6 TB. Drive imodzi ikafa, inayo imapitiriza, mumagula yatsopano, NAS imakopera yokha. Apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka, n'kumaganiza kuti zithunzi zawo zili m'malo awiri. Zili ngati nkhokwe ziwiri zomangidwa pabwalo limodzi: anankafumbwe akalowa m'modzi inayo ikupulumutsani, koma moto ukabuka zipsera pamodzi. Mwana akafufuta chikwatu cha zithunzi, chafufutika pa onse awiri. Mphezi ikalowa, yalowa pa onse awiri. Wakuba sanyamula drive imodzi n'kukusiyirani inayo. Ndipo ife a mu Blantyre tikudziwa zimene madzi ndi matope anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023, pa Namondwe wa Freddy. Amene anapulumuka ambiri anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha.

Ndiye lamulo limene timaliphunzitsa ndi la 3-2-1: chinthu chofunika chikhale m'makope atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, kope imodzi kutali ndi nyumba. Kwa inu zitanthauza kuti mugule external drive ya USB, mwezi ndi mwezi muilumikize ku NAS, pulogalamu ya Hyper Backup kapena yofanana nayo ikopere zatsopano zokha, kenako muichotse, mukaisunge mu kabati ya ku ntchito kapena kwa achemwali anu dera lina. Muitseke ndi mawu achinsinsi pokopera, kuti ikasochera wina asamaone za m'banja mwanu. Ikangokhala yolumikizidwa ku NAS nthawi zonse sikutetezani ku mphezi, moto kapena akuba. Mu NAS momwemo yatsani Recycle Bin ndi ma snapshot (amene amasunga mmene mafayilo analili pa nthawi ina) ngati mtundu wanu uli nawo, kuti chofufutidwa mwangozi chibwezedwe. Ndipo kamodzi pa kanthawi tsegulani zithunzi zingapo kuchokera pa external ija, muone ndi maso kuti zilimodi.

Tibwere ku funso lanu lalikulu, la magetsi. Nkhawa yanu ndi yoona. Mkati mwa hard drive muli timbale tozungulira ka 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamutu kolemba koyandama pamwamba pake. Magetsi akathima pamene NAS ikulemba, zimene zinali m'njira zikhoza kuwonongeka, ndipo ikayakanso imatha maola ikuyerekeza ma drive awiri aja ngati akugwirizanabe. Kamodzi kapena kawiri imapirira. Koma tikumbuke 2022, Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, magetsi ankazima tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambirimbiri. NAS yopanda chitetezo m'nyengo yotere ikuyenda pa ngozi.

Mankhwala ake ndi UPS, bokosi la batire limene limapitiriza kupereka magetsi kwa kanthawi akazima, koma osati UPS ina iliyonse. Ikhale yokhala ndi polumikizira waya wa USB wopita ku NAS, monga ma APC Back-UPS ena, ndipo muone ngati ili pa mndandanda wa zogwirizana ndi NAS yanu. Waya umenewu ndi umene umauza NAS kuti magetsi apita. Mumaiuza kuti ikatha mphindi 5 kapena 10 pa batire imalize kulemba n'kudzigoneka yokha. Ambiri amagula UPS n'kusiya wayayo m'katoni, ndiye batire limatha, NAS n'kuzima mwadzidzidzi chimodzimodzi, kungoti mochedwerapo. Ntchito ya UPS si kuyendetsa NAS maola asanu ndi limodzi a mdima ayi, ndi kuipatsa mpata wotseka bwino. Muikenso kuti magetsi akabwera iziyaka yokha. Router nayo ikhale pa UPS yomweyo, koma ayironi, ketulo kapena printer ya laser zisayandikire. Batire la UPS kwathu kuno limatopa msanga, pakatha zaka 2 kapena 3 liyeseni pozimitsa swichi ya pakhoma muone ngati likugwirabe. UPS ndi yolemera, igulidwe konkuno ku Blantyre, kuti batire likatha mudziwe kokagula lina.

Ngati muli ndi inverter kapena sola zinthu zapepukako, komabe UPS yaing'ono pakati imathandiza pa kamphindi kosinthira kaja. Jenereta ndiye ndimaiopa, makamaka poilitsa ndi pamene mafuta akutha. Za mayunitsi a ESCOM musade nkhawa: NAS ya ma drive awiri imadya 15 mpaka 20 W ikamagwira ntchito, ndiye ikayaka mwezi wonse osapuma ndi mayunitsi 11 mpaka 15, ndipo mukhoza kuiuza kuti izizima usiku n'kudzuka m'mawa.

Choopsa china ndi nthawi imene magetsi akubwera, komanso mphezi za dzinja. Fridge guard kapena TV guard, zija zimachedwetsa magetsi mphindi zochepa zisanawalowetse, ndi zotsika mtengo ndipo zimathandiza. Iikeni pakhoma, UPS ilowe mmenemo. Koma mphezi yeniyeni palibe kachipangizo ka mu shopu kamene kangaiimitse. Ndinaonapo NAS imene pulagi yake inali yotetezedwa bwino, koma moto unalowera pa waya wa intaneti wochokera ku mlongoti wa padenga, n'kupsereza router ndi bowo la LAN la NAS, mwamwayi ma drive anapulumuka. Mvula ya ziphaliwali ikamabwera kuyambira November, zimitsani NAS bwinobwino, zulani pulagi, zulaninso waya wa LAN. Ngati nyumba ndi yakale, itanani wa magetsi wovomerezeka aone ngati waya wa earth ulidi m'nthaka, chifukwa zotetezera zonsezi zimadalira umenewo.

Poiika: pamalo okwera, podutsa mphepo, kutali ndi utsi wa kukhitchini. Osaitsekera m'kabati, chifukwa kutentha kwa October kumaphika ma drive, ndipo pulogalamu ikamaonetsa kupyola 45 °C nthawi zonse ipezereni malo ena. Mphemvu ndi nyerere zimakonda kufunda kwa mkatimo, fumbi limatseka fani, ndiye muziipukuta. Ine sindikonda kuiika pa balaza pafupi ndi TV, poti akuba akalowa amayambira pomwepo.

Mudzafuna kuona zithunzi muli ku ntchito, kapena alamu adzafuna kuziona ali ku Johannesburg. Zimatheka, koma apa pafunika kusamala. Mu January 2022 akuba a pa intaneti anatseka mafayilo m'ma NAS a QNAP masauzande ndi pulogalamu yotchedwa DeadBolt, n'kumafuna 0.03 bitcoin kuti atsegule. Mu June 2021 eni a zosungira zotchedwa WD My Book Live m'mayiko osiyanasiyana anadzuka n'kupeza zonse zafufutidwa. Zipangizo zimene zinagwidwa zinali zoonekera pa intaneti. Ndiye aliyense amene angati akutsegulireni ma port pa router, timakomo tolowera kuchokera pa intaneti, mukaneni. Poonera muli kutali gwiritsani ntchito QuickConnect ya Synology kapena pulogalamu ya Tailscale, zimitsani akaunti yotchedwa admin, aliyense akhale ndi akaunti yake, yatsani chitsimikizo chachiwiri cha pa foni, ndipo muzilola NAS kulandira zokonza zatsopano. Dziwaninso kuti kuonera muli kunja kumadya bandulo mbali zonse ziwiri, ya pakhomo ndi ya pa foni, kaya muli pa TNM kapena Airtel. Mu pulogalamu ya pa foni sankhani kuti izitumiza pa Wi-Fi pokha.

Mwina mufunsa kuti bwanji osangolipira Google. Kwa amene ali ndi intaneti yopanda malire, monga fibre kapena Starlink imene inafika m'dziko muno mu 2023, ndi khadi ya ku banki yolipira kunja, ndi njira yabwino ya kope yachitatu ija. Koma Google Photos inasiya kusunga mwaulere mopanda malire pa 1 June 2021, malipiro ndi osatha, ndipo amatsatira ndalama zakunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zonse zolipira kunja zinakwera usiku umodzi. Chimene ndimalangiza ndi chakuti zonse zikasamukira mu NAS ndi pa external, muyeretse akaunti ya Google, mu 15 GB yaulereyo musungemo zosankhidwa: zithunzi zabwino za mwana aliyense, za makolo, za chinkhoswe, ndi zikalata zofunika zojambulidwa.

DVD ya ukwati isadikire Khirisimasi. Ma DVD owotchedwa ku situdiyo amafooka ndi zaka, kutentha ndi chinyezi, ndipo makompyuta owerenga DVD akusowa. Ikopereni sabata ino pa laputopu ndi pa chosungira china. Ma flash nawonso muwakhuthule. Flash ndi yonyamulira, si yosungira zaka, ndipo pamsika pali ambiri abodza, olembedwa 128 GB pamene mkati muli malo ochepa kwambiri. Amaonetsa mayina a mafayilo koma mukatsegula mulibe kanthu. Kapulogalamu kaulere ka H2testw kamawagwira bodza. Zithunzi za papepala za makolo muzijambule pa scanner pa 600 dpi, n'kulemba mayina a anthu ndi chaka agogo akadali okumbukira. Pokonza zikwatu musadzivute, chaka ndi chochitika basi, monga "2019 Chinkhoswe". Zofanana muzichotsa pambuyo, choyamba zonse zifike malo amodzi.

Tsiku loyamba kuika NAS, ngati pakhomo palibe wozolowera, lipirani munthu wodziwa, koma mukhale pomwepo, mawu achinsinsi mulembe nokha. Muwalembenso m'buku limene limakhala pamodzi ndi zikalata za nyumba, ndipo nonse awiri ndi bambo muwadziwe. Auzeni akuikireni kuti NAS izikutumizirani imelo pakakhala vuto.

NAS ikayamba kulira mosalekeza, nyali n'kusanduka yachikasu, kapena pulogalamu n'kulemba kuti Degraded, drive imodzi yafooka. Zinthu zanu zilipobe, koma zatsala pa drive imodzi. Choyamba koperani pa external, kenako sinthani yakufayo, ndipo onetsetsani kuti mwatulutsa yoyenera, chifukwa kutulutsa yamoyo ndi kumene kumapha zonse. Ngati simukutsimikiza, itanani katswiri. Drive ikamagogoda kuti kha kha kha, kapena kompyuta ikati muichite format, zimitsani pomwepo, musavomere, musaiyatse mobwerezabwereza, ndipo munthu asaitsegule ndi sikulu diraiva pa tebulo la mu shopu, chifukwa kafumbi kamodzi kamakanda timbale tija. Ntchito yotere imachitikira m'zipinda zapadera zopanda fumbi, ndipo mtengo wake ukhoza kuposa wa NAS yonse. Funsani mtengo ndi kumene drive ikupita isanachoke m'manja mwanu, ndipo lembani nambala yake ya siriyo.